Kodi Makina Obwerera M'mbuyo Akadatithandiza?

Palibe mau amene amveka kawirikawiri pakati pathu koposa awa akuti "ndikadadziwa." Amveka m'kalasi pamene mapepala a mayeso abwezedwa, amveka pabwalo la mpira titagonja, ndiponso amveka kumudzi pamene mvula yadula chimanga chisanakhwime. Munthu aliyense alakalaka kubwerera dzulo kuti akakonze pamene panalakwika. Tsono ndifuna kukamba nanu za sewero lina loseketsa la ku Mangalande limene linayesa kuonetsa chimene chikadaoneka munthu akadakhala nayo mphamvu yotere. Ndidzanena pamene ndivomerezana nalo, ndi pamene nditsutsana nalo.

Dzina la seweroli ndi Red Dwarf. Analiyamba ndi anthu awiri, Rob Grant ndi Doug Naylor, ndipo linayamba kuoneka pa wailesi yakanema ya BBC m'chaka cha 1988. Likamba za Dave Lister, mnyamata waulesi ndi wauve amene anagona tulo ta zaka 3 miliyoni m'chombo cha mlengalenga, ndipo podzuka anapeza kuti mwa anthu onse watsala ndi iye yekha. Anzake a paulendo ndiwo Rimmer, munthu wakufa kale amene makina asunga chithunzi chake kuti chiziyenda ndi kulankhula; Cat, cholengedwa chochokera ku mtundu wa amphaka; ndi Kryten, wantchito wopangidwa ndi zitsulo.

Gawo limene ndifuna kunena ndi lotchedwa Tikka to Ride, limene linaoneka mu January 1997. M'chombo munatha ndiwo za Amwenye zotchedwa curry, zimene Lister anazikonda koposa moyo wake. Iye anafuna kutenga makina oyendera m'nthawi kuti abwerere ku dziko lapansi kukagula zina. Kryten anakana, pakuti anadziwa kuopsa kwake. Pamenepo Lister anamuika mutu wina, nachotsamo kachitsulo kamene kanali kumpatsa chikumbumtima, ndipo ulendo unatheka.

Koma anasokera. Anakatulukira mu mzinda wa Dallas ku America pa 22 November 1963, m'nyumba yosungiramo mabuku momwe Lee Harvey Oswald anali kuombera Pulezidenti John F. Kennedy. Mosadziwa anamgwetsa Oswald pazenera, ndipo Kennedy anapulumuka. Pothawa apolisi analumphira ku chaka cha 1966, napeza mzinda wonse uli zii. M'dziko lachilendolo Kennedy anali atachotsedwa pampando chifukwa cha milandu yochititsa manyazi, boma linali m'manja mwa zigawenga, ndipo anthu anali atathawa m'mizinda poopa mabomba a dziko la Soviet Union amene anaikidwa ku Cuba. Potsiriza Lister anakapempha Kennedy wa m'dziko loonongekalo kuti abwerere ku 1963 akadziombere yekha, kuti mbiri ibwerere m'malo mwake. Iye anavomera, nachita chomwecho, nazimirira. Ndipo curry uja Lister sanampeze konse!

Alipo ena amene anena kuti masewero otere ndi kutaya nthawi chabe, ndi kuti wophunzira ayenera kusamala mabuku okha. Ine sindivomereza. Taonani, munthu atatha kuseka atsala ndi funso lovuta ndithu: ngati Kennedy anadzipha mu 1963, nanga munthu wa m'tsogolo uja amene anaomba mfuti anachokera kuti? Funso lotere alimbana nalo ngakhale akatswiri a sayansi. Albert Einstein anaonetsa mu 1905 kuti nthawi iyenda pang'onopang'ono kwa chinthu chothamanga kwambiri, ndipo mu 1971 akatswiri awiri, Hafele ndi Keating, anakweza mawotchi apadera m'ndege zozungulira dziko, napeza kuti anasiyanadi pang'ono ndi amene anatsala pansi. Koma makina obwerera m'mbuyo palibe anawapanga. Sewero limene lichititsa mwana wa sukulu kufunsa zimenezi silinamtayitse nthawi iai.

Ndiponso liphunzitsa chinthu choona, chakuti zochitika za m'dziko ndi zolukana ngati mphasa. Ukasolola bango limodzi, sudziwa mbali imene idzamasuka. Lister sanafune kuononga dziko. Anafuna kukhutitsa mimba yake basi, ndipo choyamba chimene anachita ndicho kutontholetsa chikumbumtima cha mnzake amene anali kumchenjeza. Kodi si momwemo achitira ambiri a ife pamene tifuna chinthu choletsedwa?

Koma tsono pali phunziro lina lobisika m'seweroli limene ndilikana ndi mtima wonse. Munthu woliona mosaganiza angathe kunena kuti, "Ngati ndi tero, zonse zimene zinachitika zinayenera kuchitika, ndipo ngakhale imfa ya mtsogoleri inali yabwino." Kumbukirani kuti dziko loonongeka la 1966 lija analipeka ndi wolemba kuti anthu aseke. Palibe munthu adziwa zimene Kennedy akadachita akadakhala moyo. Anafa ali ndi zaka 46 zokha, nasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono, ndipo kwa iwo panalibe choseketsa.

Ife a kuno ku Ntcheu tidziwa bwino kulemera kwa mau akuti "zikadakhala." Pa 10 June 2024 ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu 9 anafa, mmodzi wa iwo Dr Saulos Chilima, Wachiwiri kwa Pulezidenti, amene anaikidwa m'manda kwawo ku Nsipe pa 17 June. Ndani wa ife sanamve akulu akunena kuti, "Ndegeyo ikadapanda kunyamuka tsiku lija"? Koma ndinena ndithu kuti kungoti "inali nthawi yawo" ndi kuleka pomwepo sikukwanira. Ndegeyo inapezeka mawa lake, ataifunafuna. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti batire ya kachipangizo kodziwitsa pamene ndege yagwera inatha nthawi yake m'chaka cha 2004, ndi kuti m'ndegemo munalibe makina osunga mau a oyendetsa. Sindinena kuti batire ikadapulumutsa moyo wa munthu, koma ikadathandiza ofunafuna aja. Tsono werengani nokha: kuyambira 2004 kufikira 2024 ndi zaka 20. Kusintha batire sikunafune makina obwerera m'mbuyo. Kunafuna munthu mmodzi woyang'ana tsiku lolembedwa pa chinthucho, ndi wina womumvera.

Mbiri ya boma lathu lomwe lino itiuza kuti zinthu sizingodzichitikira zokha. M'chaka cha 1953, pamene Azungu anali kukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani ya ku Lizulu inakana, niuza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda. Anaichotsa paufumu ili yodwala, ndipo inamwalira mu 1954. Ikadafuna ikadakhala chete ndi kusunga mpando wake. Panthawiyo sinadziwe kuti chitaganyacho chidzatha mu 1963, kapena kuti dziko lidzalandira ufulu pa 6 July 1964. Inasankha mumdima, monga asankhira munthu aliyense. Anthu a nthawi imeneyo akadati "zonse zinalembedwa kale," bwenzi mbiri imene tiphunzira m'kalasi ili ina.

Chotero maganizo anga ndi awa. Funso lakuti "zikadakhala bwanji" lili ndi ntchito ziwiri, ina yoipa ndi ina yabwino. Yoipa ndiyo kukhala pansi ndi kulirira zimene zinapita, pakuti madzi akatayika saoleka. Yabwino ndiyo kufunsa kuti cholakwa chinalowera pati, ndani akadachiletsa, ndipo chofanana nacho chili kuti lero. Akulu anati safunsa anadya phula. Wophunzira amene walephera masamu a Fomu 2 sangabwerere kukalembanso pepala lija, koma angathe kulitenga, kuona pamene anasokera, ndi kufunsa aphunzitsi mayeso a Fomu 4 asanafike. Mudzi umene mlatho wake unakokoloka ndi madzi sungabweze mvula ija, koma ungathe kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje dzinja lisanabwerenso.

Anzanga, amene mudzapeze mwai woona seweroli patchuthi, lioneni ndipo museke, pakuti ndi loseketsadi. Koma musatengeko ulesi wa Lister, kapena maganizo akuti munthu alibe chochita pa zimene zili kudza. Tsiku lino limene tili kudya nsima ndi nyemba ndi kudandaula za belu la m'mawa, ndilo limene tidzalitcha "kale" tikadzakula, ndipo ena a ife adzalakalaka kulibwerera kuti akonze zina. Popeza tikadali momwemo, tiyeni tikonzeretu tsopano.