Njinga ya adadi yalira

Ine ndili kuno ku Leeds, ndipo ngati mawu anga akumveka ngati a munthu wachimfine, musadabwe, ndatha miyezi itatu ndikuzizidwa m'galaja. Monga mwa nthawi zonse, ndilankhula mosathamanga, kuti amene Chichewa chikukuvutanibe ngati ine tiyendere limodzi.

Nkhani inayamba mu Novembala. Amami anaima pakhomo la galaja, manja ali m'chiuno, n'kunena kuti: "Chinjinga ichi chikafika Isitala chisanalire, ndiitana ogula zitsulo adzachitenge." Ankanena njinga yamoto ya adadi, Honda CG125 ya 1998, yofiira, imene yakhala pakona zaka 9 itafunditsidwa bulangete lakale. Ndi imene inkawapititsa adadi ku ntchito ya usiku ine ndili mwana. Ndimakumbukirabe kulira kwake m'bandakucha, ine ndili m'zofunda, n'kudziwa kuti basi afika. Anaisiya nyamakazi itawagwira zala, moti kukoka kilatchi kunkawapweteka.

Adadi sanayankhe, anangoyang'ana pansi. Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, ndinangoti: "Ndiikonza ine." Anthuni, ntchito yanga ndi ya pakompyuta. Sipanala ndinali nditaigwirapo pomanga bedi basi.

Mwayi wanga unali woti CG125 ndi njinga yokhululuka. A Honda anaipanga m'zaka za m'ma 1970, atayendera mayiko amene anthu amanyamula katundu wambiri panjinga, m'misewu yafumbi, osasinthanso oyilo nthawi yake. Choncho anapanga injini ya silinda imodzi, yozizira ndi mphepo, yopanda zambiri zoti n'kuwonongeka. Sefa yake ya mpweya ndi siponji, umangochapa n'kubwezeretsa. Yathuyi ilibenso batani loyatsira, umachita kuponda ndi mwendo. Ngati munapitako kumudzi posachedwa n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, mwina munakhalapo kale pamwamba pa m'bale wake, chifukwa njinga zambiri zochokera ku China zili ndi injini yotengera ya CG.

Tinagawana ntchito chonchi: ine manja, adadi makutu ndi pakamwa. Loweruka lililonse ankabwera ndi mpando wa kukhitchini, atavala jekete ziwiri, kapu ya tiyi ili m'manja. Kuno mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane, ndiye tinkayamba m'mawa. Iwo ankakonda kunena kuti kwawo ku Ntcheu nthawi ngati ino anthu ali kalikiliki kupalira chimanga, ife tili pano kupalira dzimbiri.

Tsiku loyamba ine ndinkafuna kungothira petulo n'kuponda. Adadi anati: "Iwe, munthu amene wagona zaka 9 sumudzutsa ndi mbama." Anandiuza kuti ndichotse pulagi, ndidonthezere oyilo pang'ono pabowopo, kenako nditsitse choponda chija ndi dzanja, pang'onopang'ono. Pisitoni inayenda. Inali isanamatirire. Apo mpamene ndinaona adadi akumwetulira koyamba.

Kenako oyilo. Amalowa wosapitirira lita imodzi, ndipo amene anatulukamo anali bii ngati phula. Chenjezo kwa amene mudzayese: kuseri kwa chotsekera chachikulu chotulutsira oyilo kuli sipuling'i ndi kasefa kawaya. Ukamasula mosasamala, zonse zimadumphira m'beseni la oyilo wakudayo, ndipo umazisaka ndi zala. Ndikunena zimene zinandichitikira.

Titatsegula thanki, fungo lake silinali la petulo ayi, linali ngati la vanishi. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya zomata ngati ulimbo. Komanso ethanol amene amasakanizidwa mu petulo amakoka chinyezi, madziwo n'kukhala pansi pa thanki, dzimbiri n'kuyamba. Ine ndinayamba kudandaula kuti kuyambira mu Sepitembala 2021 petulo wamba kuno ku Britain ndi E10, kutanthauza kuti ethanol amatha kufika magawo 10 pa 100 alionse, ndiye njinga zakale zili m'madzi. Adadi anaseka. Anati ku Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa mu 1982, ine ndisanaganiziridwe n'komwe, ndipo magalimoto ankayenda. "Chimene chapha thankiyi si ethanol. Ndi kukhala." Ndinaona kuti sakunena za thanki yokha, koma sindinafunse.

Thanki tinaitsuka ndi viniga woyera wa m'sitolo. Tinamusiyamo masiku awiri, n'kuponyamo manati odzaza dzanja, n'kumaikhutchumula mpaka mikono kuwawa. Tinatsukuluza bwinobwino, n'kuiumitsa msangamsanga, chifukwa chitsulo chotsukidwa chonchi chimachitanso dzimbiri tsiku lomwelo. Paipi ya petulo inali itauma gwa, tinagula ina, n'kuikapo kasefa kakang'ono. Pano tikuthira E5, wodulayo, poti njingayi sikuyenda tsiku ndi tsiku.

Tsopano kabyuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. M'kati mwake muli timajeti tamkuwa, tokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri. Kamodzi ndi ka injini ikamalira payokha, kena ndi ka ukamakoka moto. Kakang'onoko kanali katatsekekeratu. Ine ndinatenga singano ya amami kuti nditokose. Adadi anakuwa: "Siya!" Chitsulo n'cholimba kuposa mkuwa, ukatokosa umakulitsa bowo, ndipo petulo azilowa wochuluka mpaka kalekale. Tinaviika timajetito m'mankhwala otsukira kabyuleta, n'kupemerera ndi mphepo, mpaka kuwala kunaoneka mbali inayo. Anandiphunzitsanso kuti usanachotse sikulu yosakanizira, uyambe waimanga mofatsa mpaka ifike pothera, ukuwerenga kuti yazungulira kangati, n'kulemba papepala. Pobwezeretsa umadziwa poyambira.

Kumayambiriro kwa Januwale tinaika pulagi yatsopano, mpata wake pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm, ndi batire yatsopano. Tinatsegula chitseko cha galaja chonse. Chonde, injini musamailize chitseko chili chotseka, utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Ndipo ngati muli ndi chotenthetsera chamoto, chikhale kutali ndi petulo. N'chifukwa chake ife tinkangopirira chisanu. Ndinaponda kamodzi, zii. Kawiri, zii. Cha kachikhumi, inatsokomola, n'kulira! Utsi tolotolo. Amami anasuzumira pawindo, osanena kanthu.

Koma chimwemwe sichinakhalitse. Injini ikangotentha, inkafooka n'kuzima, ndipo kuti iyakenso zinkavuta. Apa mpamene ndinalakwitsa. Sabata imeneyo adadi anadwala chifuwa, amami n'kuwaletsa kutuluka panja. Ine ndinati palibe vuto, pa YouTube pali zonse. Loweruka atatu otsatizana ndinamasula kabyuleta, kutsuka, kubwezeretsa, kupotokola masikulu uku ndi uku. Palibe chinasintha. Ndinatsala pang'ono kugula kabyuleta ina pa intaneti, ndipo usiku wina ndinaganizadi zoti mwina amami akunena zoona, ogula zitsulo abwere.

Adadi atachira anabwera ndi mpando wawo uja. Anati ndiilize. Anatseka maso, n'kupendeketsa mutu. Patapita kanthawi anafunsa: "Ukumva chiyani pamwambapo?"

Ndinati: "Sindikumva kanthu, adadi. Ili phee."

"Eya. Vuto ndi limenelo. Matapeti a njinga imeneyi amayenera kumveka pang'ono, tike tike tike, ngati makina osokera. Akakhala chete ndiye kuti athina. Ikubanika iyi."

Ndifotokoze mmene ndinamvera ine. Injini ili ndi mavavu awiri, ina yolowetsa mpweya ndi petulo, ina yotulutsa utsi. Pakati pa vavu ndi kachitsulo koikankha pamayenera kukhala kampata, chifukwa zitsulo zikatentha zimafufuma. Kampatako kakatha, vavu sitsekeka bwino injini ikatentha, mphamvu n'kumathawira pomwepo. Ukapitiriza kuyenda choncho, vavuyo imapsa. Ndiye ine milungu itatu yonse ndinkapatsa mankhwala a m'mimba munthu wodwala chifuwa.

Tinadikira mpaka m'mawa mwake, poti ntchito imeneyi imafuna injini yozizira. Ndinachotsa chivundikiro cha pamwamba, n'kuzunguza injini mpaka chilembo T chitayang'anizana ndi kamzere kake. Poyezera pamakhala timalata topyapyala, dzina lake feeler gauge. Pa CG125 kampata ndi 0.08 mm mavavu onse awiri, kupyapyala kwake ngati pepala. Pa vavu ya utsi kalatako sikanalowe n'komwe. Ndinamasula nati, n'kubweza sikulu pang'ono, n'kuyesanso. Adadi anati kazilowa mokhudza pang'ono, osati mokakamiza, osatinso kungoti lobodo. Zala zawo sizingathenso kugwira sipanala yaing'ono, koma anagwira dzanja langa n'kulikoka pang'onopang'ono kuti ndimve ndekha. Ntchito yonse inatenga mphindi 20.

Ndinaponda kawiri, inalira, ndipo sinazimenso. Adadi sanandinyoze. Anangoti: "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Amene simunaumvepo mwambiwu, nkhono ukaigwiragwira imabisa maso, ukakhala phee imawatulutsa yokha.

Ndondomeko imene ndaphunzira ndi iyi, ndipo ilembeni: yambani ndi mavavu, kenako moto wa pulagi, kenako sefa ya mpweya, kabyuleta pomalizira. Kabyuleta ndi imene imaoneka, masikulu ake ali panja, ndiye aliyense amathamangira pomwepo. Koma kuisintha zinazo zisanakhale bwino n'kungotaya nthawi.

Kutchuna kwenikweniko kunali kosavuta. Injini itenthe kaye mphindi 10, choke chitsekedwe. Sikulu yosakanizira ija umaipotokola pang'onopang'ono, kota imodzi, n'kudikira, n'kumvetsera. Pamene injini ikulira mosalala ndiponso mokwera kuposa pena paliponse, pomwepo mpabwino. Ukatero umatsitsa kaliridwe ndi sikulu inayo mpaka izingoguguda modekha. Njingayi ilibe wotchi yoonetsa liwiro la injini, wotchi yake ndi khutu. Ukadzayenda nayo ulendo, pulagi imakuuza zoona: ikakhala ndi mtundu wa tiyi wamkaka, zili bwino. Ikada ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikayera mbuu, petulo wachepa, ndipo injini ikutentha mopitirira.

Panatsala mkangano umodzi, wa matayala. Ine ndinkaona kuti akadali ndi mano, kuposa 1 mm imene lamulo la kuno limafuna pa njinga ngati iyi. Adadi anandionetsa manambala anayi a m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Athu anathera pa 09. Labala inali itauma, ming'alu ili m'mbali. Amami anamva, n'kulowererapo: "Mwana wanga sakwera chinthu cha matayala amenewo. Makiyi ndibisa ine." Taonani, munthu yemwe uja ankafuna ogula zitsulo. Tinagula matayala ndi machubu atsopano. Mabuleki tinasinthanso, kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa akakhalitsa m'chinyezi chikopa chake chimatha kumatuka n'kumanga wilo uli pa liwiro. Ndalama za matayala ndi mabuleki zinaposa zina zonse, koma pamenepa sipoumira.

Tsopano kwa inu anzanga ophunzira Chichewa. M'miyezi itatu imeneyi ndalankhula Chichewa ndi adadi kuposa zaka zisanu zapitazi. Pa tebulo, ndikalakwitsa mawu, ndimachita manyazi n'kuthawira ku Chingerezi. M'galaja munalibe nthawi ya manyazi, oyilo akutayika. Ndipo ndinazindikira kuti mayina a zipangizo pafupifupi onse ndinkawadziwa kale: pulagi, tcheni, giya, bawuti. Chimene ndinalibe ndi mawu a zochita. Nawa a sabata ino. Kumasula ndi kumanga, zimene umachita ndi nati. Kuthina, chinthu chikagwira kwambiri mpaka kusowa mpata. Kukhutchumula, kugwedeza chinthu chokhala ndi madzi m'kati. Kubanika, kulephera kupuma. Kuliza, kuchititsa kuti chinthu chilire, kaya ndi ng'oma, wailesi kapena injini. Yesani kupanga chiganizo ndi liwu lililonse, mukawauze akuluakulu kunyumba, akukonzeni.

Pamene ndikulankhula pano, njinga ikadali pa SORN, kutanthauza kuti tinauza a DVLA kuti siyenda pamsewu. M'misewu mukadali mchere umene amathira chifukwa cha chisanu, ndipo mchere ndi dzimbiri ndi pachibale. Mu Malichi ipita ku MOT, tilipire inshulansi ndi msonkho. Ine ndalembetsa CBT, maphunziro a tsiku limodzi amene amakulola kuyendetsa njinga ya 125cc uli ndi chikwangwani cha L kwa zaka ziwiri. Adadi sadzaikweranso pamsewu, zimenezo tonse tikudziwa. Koma Lamlungu lapitali titabwera kutchalitchi ndinawapeza m'galaja, chitseko chili chotsegula, atakhala pachishalo ndi suti yawo, injini ikulira. Atandiona anati: "Tcheni chalendewera ichi. Loweruka."

Ndiye Loweruka ndili ndi tcheni. Ngati kwanuko kuli chinthu chimene chafunditsidwa bulangete, kaya makina osokera a agogo, kaya wailesi, funsani mwini wake akuphunzitseni kukonza, ndipo muwapemphe kuti akuphunzitseni m'Chichewa. Za MOT ndidzakuuzani mwezi wamawa, zikayenda kapena zikakanika.