Mfuti za m'kanema zikusokoneza ana athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu lino.

Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 anandiuza kuti akadzakula akufuna kukagwira ntchito pa chipata cha dziko ku Mwanza. Ndinakondwa. Koma nditamufunsa chifukwa chake, anati, "Agogo, ndizidzayenda ndi pisitolo m'chiuno." Nzeru zimenezi wazitola m'tinyumba ta vidiyo pa Lirangwe, momwe ana amathera ndalama ya chiwaya kuonera anthu akuomberana, wina akumasulira m'Chichewa mokometsera.

Mafilimu otere sanayambe lero. Ifenso tinaonera Borderline ya 1980, momwe Charles Bronson ankalondera malire a America ndi Mexico. N'zoona kuti a Border Patrol, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1924, amanyamula mfuti zazing'ono, ndipo mu 2019 boma lawo linasankha za kampani ya Glock. Koma kanema amangoonetsa mphindi yosolola mfutiyo. Saonetsa miyezi ya maphunziro, kapena mafunso amene munthu amayankha akangoomba chipolopolo chimodzi. Wophedwa m'filimu alibe siwa, alibe ana amasiye.

Pamene ndinkapita kukaona mwana wanga ku Johannesburg kudzera pa bwalo la ndege la Chileka, mayi amene anaona pasipoti yanga anagwira ntchito yonse ndi maso, chidindo ndi mafunso awiri aulemu. Kanema wa ntchito yotereyi palibe angalipire kuti aonere, komatu ntchito yeniyeni ndi imeneyo.

Ife akuluakulu mfuti tikuidziwa. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ma AK-47 analowa m'dziko muno ndipo eni magolosale ankagona khutu lili kunja. Mu December 1993 kunali Operation Bwezani, asilikali akulanda zida za a Payoniya.

Sindikuti alonda a malire asakhale ndi zida. Amakumana ndi zigawenga zenizeni. Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu a kuno kwathu: kambiranani ndi eni mavidiyo kuti asamalowetse ana nthawi ya sukulu, ndipo za mfutizi muzizitchulako pa guwa.

Mdzukuluyo ndamuuza kuti ntchitoyo amayamba afunsa satifiketi ya MSCE. Kamfuti kake kawaya ndakasunga pa denga mpaka atakhoza masamu.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Lirangwe, Blantyre.