Sitoloko Imacita Odi Isanalowe

Ku Luangwa (Feira), kumene dzuwa la Okutobala limaphika munthu, mlimi akagwetsa khasu cifukwa dzanja lalefuka, kamwa n'kupindikira kumodzi, mau n'kumatuluka ngati a woledzera, ambiri amati ndi kutentha cabe. Ena amaganizira ufiti. Pakapita mphindi 10 munthu ali bwino, nkhani yathera pamthunzi.

Ife tikuti munthu wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo. Imeneyi ndi sitoloko yaing'ono: magazi analeka kwa kanthawi kufika mbali ina ya bongo. Yaikulu, yopha ziwalo, ikhoza kutsatira, ndipo masiku 2 oyamba ndiwo oopsa kopambana.

Nthawi zina gwero lili m'khosi, m'mitsempha ikuluikulu yopereka magazi ku bongo. Mafuta akaunjikana m'menemo njira imacepa, ndipo kacidutswa kakanyotsoka kamakatseka kumutu. Sikani ya m'khosi imaonetsa zimenezi. Makina ake ndi a mtundu umodzi ndi aja opimira amai apakati: palibe nyeleti, palibe kuwawa. Mtsempha ukapezeka wophinjika kwambiri, opaleshoni imathandiza koposa ikacitika milungu 2 isanathe. Koma ambiri safunika mpeni. Amafunika mankhwala a BP, a shuga ndi a mafuta monga adotolo alamulira, kuleka fodya, ndi kucepetsa mcere, ngakhale wa m'nsomba zouma.

Matendawa sasankha. A Pulezidenti Levy Mwanawasa anadwala sitoloko yocepa mu Epulo 2006. Ina inawagwira ku Egypt mu Juni 2008, ndipo anamwalira ku France pa 19 Ogasiti 2008. Iwo anali ndi madotolo pafupi. Nanga mlimi wa kwa Mburuma kapena kwa Mphuka, amene cipatala ca UTH ku Lusaka cili kutali kwambiri ndi iye?

Conco tikupempha Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti pa cipatala ca boma ca Luangwa ndi pa ca mishoni ca Katondwe pali anchito ophunzitsidwa kupima mitsempha ya m'khosi, ndiponso kuti ofunika kutumizidwa ku Lusaka asacedwetsedwe.

Kwa inu a m'mipingo tikuti: timasonkha msanga za maliro, tiyeni tisonkhenso za ulendo wa ku cipatala. Mbale akati dzanja linafa kwa kanthawi, mupemphereleni ali pa galimoto, asadikire kuti ayambe wagulitsa mbuzi.