Mabisiketi a pa mbaula

Kuno ku Palabana, kumene kuli sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka, zimandipweteka kuona tikuthamangira ku Lusaka kukagula mabisiketi a m'mapaketi tikamva kuti kukubwera alendo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, azakhali anga anandiphunzitsa kuphika mabisiketi popanda uvuni. Mumasakaniza makapu awiri a fulawa, theka la kapu ya shuga, majarini, dzira limodzi, nsinjiro za mtedza wokazinga, ndi mkaka pang'ono wongogwirizanitsa zonsezo. Kenako mumathira mchenga wouma mumphika waukulu, kuutenthetsa pa mbaula, kukhazika thireyi pamchengapo, n'kuika makala ena pachivundikiro. Makala apansiwo achepe ndithu, chifukwa ndi amene amapsereza. Mabisiketiwa phikani kutatsala tsiku limodzi kuti alendo abwere, m'chitini chotseka bwino safewa. Ngati mupatsanso alendo chikanda, nachonso chizizire kaye kuti chilimbe, chidulike bwino. Zitumbuwa zokha ndiye ndimakazinga alendo atakhala kale pakhonde, munkoyo uli m'manja, chifukwa munthu amene wayenda mtunda kudzandiona sindingamupatse chitumbuwa chozizira.