Nzeru za Majini a Nzimbe Zisatipitirire Pakhomo

Pali anthu awiri amene ndifuna kutsutsana nawo pa nkhani ya nzimbe, ndipo onse ndiwapatsa ulemu wawo, pakuti si anthu opanda nzeru. Woyamba ndiye uja amene, akamva kuti akatswiri ayamba kuwerenga majini a nzimbe, amagwira pakamwa, nati ana a anthu afika poseweretsa ntchito ya Mlengi. Wachiwiri ndiye uja amene amavomera kuti nzeruyo njabwino, koma nati nja mayiko olemera, ife tingokhala chete kudikira kuti atitumizire mbewu yosankhasankha kale. Woyambayo ndimyankha msanga, popeza mantha ake abadwa m'kusamvetsa. Koma wachiwiriyu ndikhala naye pansi nthawi ndithu, chifukwa mphwayi zake ndizo zidzalanga mlimi wa ku Kasinthula ndi wa ku Dwangwa m'zaka zilinkudza.

Nzimbe imene imafinyidwa m'fakitale lero siinatoledwe kuthengo monga momwe tikuionera. Ndi mwana wa ukwati umene anthu anaumanga ndi manja awo. Kholo lake limodzi ndilo nzimbe yonenepa, yofewa ndi yozuna yochokera ku New Guinea. Linzake ndilo nzimbe yowonda ya kutchire, yosowa shuga, koma yopirira matenda ndi nyengo zowawa. Kufikira cha m'ma 1888 ambiri ankakhulupirira kuti ngayaye ya nzimbe siibala njere zomera, kufikira pamene anthu a ku Java ndi a ku Barbados anazimeretsa. Ndipo pamene nthenda yotchedwa sereh inasakaza minda ya ku Java, akatswiri a Chidatchi anatenga mungu, nakwatitsa nzimbe yozunayo ndi mbale wake wonyozeka uja, kotero kuti mu 1921 munabadwa mtundu wa POJ 2878, umene m'zaka zowerengeka unadzaza minda ya chilumbacho, nukhala gogo wa mitundu yambirimbiri ya lero. Ntchito yomweyo inachitika ku Coimbatore m'dziko la India kuyambira 1912, ndipo njere zochokera kumeneko, zitafesedwa ku Mount Edgecombe ku Natal, zinabala NCo 310 ndi NCo 376, mitundu imene inalamulira minda ya kummwera kwa Africa zaka zambiri. Tsono amene aopa kuti anthu alowerera pa chibadwa cha nzimbe adziwe kuti shuga amene wathira m'tiyi mmawa uno ndi chipatso cha kulowerera komweko. Ndiponso kuwerenga majini sikuika kanthu kachilendo m'mbewu ayi. Kuika jini yachilendo m'nzimbe, monga anavomerezera ku Brazil mu 2017 pofuna kuthana ndi mbozi zoboola phesi, ndi mlandu wina, woyenera bwalo lakelake. Koma chimene ndikunena pano n'kusanthula chimene chili kale m'mbewumo, kuti wosankha asankhe ndi maso openya.

Ndipo kusankhako, owerenga anga, ndiko kwakhala mtolo wolemera koposa. Munthu ali ndi makromozomu 46, ndipo jini iliyonse amakhala nayo pawiri, ina ya kwa atate, ina ya kwa amayi. Koma nzimbe ya makono ili ndi makromozomu opitirira 100, ndipo jini imodzi imabwerezedwa kakhumi, mwina kufika ka 12, kotero kuti njere ziwiri za m'ngayaye imodzi sizifanana, ndipo palibe katswiri angathe kuneneratu ndi maso okha kuti mwa mbande zikwizikwi zimene wafesa, ndi uti udzakhale mtundu wopindulitsa. Chifukwa chake amabzala, nadikira chaka, nadula, nayeza shuga, nataya zambiri, nabzalanso zotsalazo m'minda yokulirapo, nadikiranso kuti aone mphukira za pachitsa ngati zidzalimba. Ndipo pofika tsiku limene mtundu umodzi utuluka ndi dzina, zaka 10 kapena 14 zapita. Ndipo kawirikawiri phesi looneka bwino pa chaka choyamba limadzachititsa manyazi pa chaka chachinayi, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Apa mpamene nzeru ya majini yadzapeputsa mtolowo. M'mwezi wa Malichi 2024 akatswiri a ku France, America, Australia ndi mayiko ena anasindikiza m'magazini ya Nature ndondomeko ya DNA ya mtundu wa R570, wobadwira pa chilumba cha Réunion, ndondomeko yaitali pafupifupi katatu kuposa ya munthu; ndipo m'menemo anaona bwino malo a jini yotchedwa Bru1, imene imateteza nzimbe ku nthenda ya dzimbiri lofiirira la m'masamba. Jini yotere ikadziwika, wosankha sadikiranso kuti nthenda igwe m'munda. Amatenga kachidutswa ka tsamba la mbande, nayeza, nadziwa ngati chitetezocho chilimo. Koma kuchuluka kwa shuga ndi kulemera kwa phesi sizichokera ku jini imodzi. Zichokera ku majini ambirimbiri, iliyonse kuthandiza pang'ono. Pa zimenezi pali njira ina, imene inayamba kupindulitsa pa ng'ombe za mkaka, ndipo a ku Australia akhala akuiyesa pa nzimbe: amatenga mitundu yambiri imene zokolola zake zinayezedwa kale m'munda, nawerenga DNA ya uliwonse, napatsa kompyuta zonse ziwirizo kuti iphunzire kuti zizindikiro zakuti zimayenda ndi shuga wambiri, zakuti zimayenda ndi kufooka, ndipo ikaphunzira, imatha kulosera za mbande imene siinaonepo munda waukulu, ndi kuloza makolo oyenera kukwatitsa osadikira zaka khumi.

Tsono ndibwerere kwa mnzanga wachiwiri uja, ndipo ndimpempha atchere khutu, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Kompyutayo siilosera mwa mzimu. Imangodziwa chimene minda inaiphunzitsa. Ikaphunzira pa zokolola za ku Queensland, idzasankha nzimbe yoyenera Queensland. Ikaphunzira pa mapiri a m'mbali mwa nyanja ku KwaZulu-Natal, kumene nzimbe zambiri zimadalira mvula, idzasankha ya kumeneko. Ndivomera kuti abale athu a ku South Africa amayesanso mbewu m'minda yothirira ku Pongola, ndipo mitundu yawo, imene mayina ake amayamba ndi N, yatitumikira mokhulupirika. Sindikunyoza dzanja limene latidyetsa. Koma Pongola si Nchalo. Kutentha kwa chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala, dothi lamchere limene limavutitsa minda ina kumeneko, madzi osefukira onga a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, chinyezi cha m'mbali mwa nyanja ku Dwangwa, zonsezi zidzalowa m'chiwerengero cha wosankha mbewu pokhapokha wina atayeza nzimbe m'dothi lomwelo, nalemba mosamala chaka ndi chaka, nasunga zolembazo pamodzi ndi DNA ya mtundu uliwonse. Dziko limene silichita zimenezi lidzalandira mbewu yosankhidwa mofulumira ndi mwaluso, inde, koma yosankhidwira munthu wina.

Ndipo wolipira mtengo wa kulakwako ndani? Si katswiri wa mu ofesi. Mlimi wa chimanga akabzala mbewu yosayenera amalira chaka chimodzi, chaka chamawa nasintha; koma nzimbe ikabzalidwa imadulidwa, niphuka, nidulidwanso zaka zambiri pa chitsa chomwecho, ndipo mlimi wa ku Phata amene analowa ngongole pokonza munda sangaizule chifukwa yamkhumudwitsa. M'mera mpoyamba. Ngakhale dziko lolemera silipulumuka pa ichi: mu 2000 nthenda ya dzimbiri lachikasu inagwera mtundu wa Q124, umene unali utatenga gawo lalikulu la minda ya ku Queensland, ndipo alimi anataya chuma chochuluka. Ngati zinatero kwa iwo amene ali ndi akatswiri awoawo, nanga ife, amene takhala tikufinya nzimbe ku Nchalo kuyambira 1966 ndi ku Dwangwa kuyambira 1979, tidzaima bwanji tsiku limene nthenda yatsopano idzaoloka malire?

Sindikunena kuti timange nyumba zazikulu za makina odula. Kuyeza DNA kwatsika mtengo kwambiri, ndipo masamba angatumizidwe kunja kukayezedwa. Chimene sichingatumizidwe kunja ndi munda, sikelo, ndi munthu wokhulupirika wolemba manambala, ndipo zimenezi tingazikwanitse. Chifukwa chake ndipempha makampani a shuga, mabungwe a alimi ang'onoang'ono, Unduna wa Zaulimi ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR kuti akhale pa mkeka umodzi, napangane kuti zoyesa zonse za mitundu ya nzimbe, za m'maesiteti ndi za m'minda ya alimi, zizilembedwa mwa njira imodzi ndi kusungidwa m'dziko muno. Kuti anyamata ndi atsikana athu a ku Bunda aphunzitsidwe kuwerenga majini ndi masamu ake, napatsidwe ntchito yoti abwerere kudzaigwira. Ndi kuti pamene tipangana ndi a ku Mount Edgecombe kapena a ku Réunion, tipite tili ndi zolemba zathu m'manja, monga anzawo a pa malonda, osati opemphetsa. Ndipo m'pangano lililonse lotere mulembedwe poyera kuti mtundu umene udzasankhidwe ndi zokolola za m'munda wa mlimi wamng'ono udzamfika iyeyo pa nthawi yomweyo imene ufika ku esiteti, ndi pa mtengo umene iye angathe kulipira.