Mayi woyembekezera asamadye zotsala madzulo

Inu a ku Mwenilondo, tayang'anani zomwe zimadutsa pa msewu wa M1 m'mawa: matumba a mpunga wa Kilombero, madengu a usipa, mikoko ya nthochi. Zonsezi zikupita ku msika wa Karonga kapena kukakwera galimoto za ku Mzuzu ndi Lilongwe. Nanga madzulo pakhomo panu mumaphika chiyani?

Makomo ambiri masiku ano akugonera tiyi ndi buledi, kapena chipisi cha pa chiwaya. Sindikunyoza, munthu akaweruka kumunda amatopa, ndipo nkhuni zikuvuta. Koma monga mzamba amene ndaphunzitsa anamwino kwa zaka zambiri, ndimadziwa kuti zotsatira zake zimaonekera ku sikelo. Magazi a mayi woyembekezera akayezedwa n'kupezeka pansi pa 11, timati ndi ochepa. Mayi wotere akataya magazi pobereka, ngakhale ochepa amene mnzake akanapirira, moyo wake umakhala pachiswe. Mapiritsi a ayironi amene timapereka ndi ofunika ndipo muzimwa tsiku lililonse, koma sangalowe m'malo mwa mphika.

Chakudya chokhutitsa ife tili nacho kale. Mbalaga, nthochi zosapsa zophikira limodzi ndi nyama ya ng'ombe, tomato ndi anyezi, mpaka msuzi utakhuthala, imakhazika mtima pansi kuposa chilichonse chogula. Nyama si ya tsiku lililonse, ndikudziwa. Pamenepo ndi pamene kondowole amafuna chisamaliro, chifukwa chinangwa chimakhutitsa koma chomanga thupi chili ndi chochepa kwambiri. Mphamvu yake ili mu ndiwo. Usipa umadyedwa wonse ndi mutu ndi minga yomwe, choncho umalimbitsa mafupa a mayi ndi a mwana ali m'mimba. Chigwada chisinjidwe bwino, chiwire mokwanira kuti poizoni wake athe, kenako chitenderedwe ndi nsinjiro. Onjezani mango kapena madzi a ndimu, mwayandikira kale magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa. Tiyi ayambe wadikira ola limodzi kapena awiri, popeza amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa mu ndiwo.

Mchere nawo. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo timabulo ta msuzi togula tija timakhala ndi mchere wambiri kale.

Koma nkhani yaikulu ili kwa inu abambo. Mphika ungakome bwanji, ngati mbale ya bambo ndi ya alendo ndiyo imayamba, ana n'kutsatira, mayi n'kumapala m'mphika ataimirira kukhitchini, ndiye kuti amene akudyera anthu awiri ndi amene wadya pang'ono. Ena amati ndi mwambo. Ine sindinamvepo mwambo wa Angonde kapena Atumbuka umene umafuna kuti mpongozi akomoke pa bedi loberekera.

Mukamagulitsa usipa wa lero, patulani kaye mbale imodzi ya pakhomo musanatchule mtengo. Mpunga ukakololedwa, thumba limodzi lisatuluke m'nyumba. Ndipo madzulo ano, pogawa ndiwo, yambani ndi mbale ya amayi akunyumba.