Mwana Wamasiye Amene Makolo Ake Ali Moyo

Pa masautso onse ogwera ana mumzinda wathu wa Chipata ndi m'midzi youzungulira, palibe limene timalithawitsa maso monga la mwana amene atate ake, kapena amake, ngakhalenso onse awiri, anagwidwa ukapolo ndi chamba, kachasu ndi mankhwala ozunguza bongo. Mwana amene makolo ake anatsikira kulichete timamdziwa, pakuti dothi la pamanda lisanaume akuluakulu amakhala pansi nafunsana kuti anawa apita kwa yani, ndipo mpingo nawo umalemba dzina lake m'buku la osowa. Koma uyu amene ndikumnena alibe maliro omlengeza; popeza atate ake amaoneka tsiku ndi tsiku akudzandira m'njira ya ku Kapata, anthu amayesa kuti mwanayo ali naye womlera.

Aliyense woyenda madzulo ku Mchini, ku Nabvutika kapena ku Magazine, inde ngakhale kuseri kwa mipanda yaitali ya ku Kalongwezi, pakuti nthendayi siyang'ana thumba la munthu, angampeze mwana wotere. Ndi mtsikana wosafika ndi zaka khumi zomwe, amene wabereka mng'ono wake kumbuyo, akukoleza mbaula ndi makala otola, nayesa kukwanitsa pakamwa patatu ndi ufa wa m'kapamela kamodzi. Iye anaphunzira kale kuzindikira mapazi a atate ake ali kutali, ndi kudziwa mwa kugunda kwake ngati usiku umenewo agona m'nyumba kapena kuseri kwa bafa. Ndalama imene wapeza pogulitsa zitumbuwa amaibisa m'chikuto cha kope la kusukulu, chifukwa poto, bulangeti ndi wailesi zinapita kale kwa wogulitsa kachasu. Ndipo aphunzitsi akamfunsa chifukwa chake anajomba sabata yathunthu, amayankha mwaulemu ndi nkhope yogwa kuti, “Amayi anadwala malungo,” pakuti mwana, ngakhale atamchimwira chotani, amafunditsabe umaliseche wa womubala.

Sindinena kuti boma lakhala manja lende. Bungwe la Drug Enforcement Commission (DEC) lakhala likugwira ntchito kuyambira 1989. Tujilijili, timatumba ta mowa tija tinapha anyamata ambiri, tinaletsedwa mu 2012 pamene mayi Nkandu Luo anali nduna yoona za maboma aang'ono. Ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la mankhwala ozunguza bongo. Ife okhala pafupi ndi chipata cha Mwami tidziwa bwino kuti malonda oipawa sathera pamalire. Komatu pamene timva pa wailesi kuti agwira anthu mwakuti ndi matumba a chamba mwakuti, sitimva konse kuti m'nyumba za ogwidwawo munatsala ana angati, ndiponso kuti usiku umenewo anawaphikira ndani. Kumanga kholo osafunsa za mwana ndiko kumlanga mwanayo kawiri pa mlandu umene sanaupalamule.

Koma mlandu waukulu uli ndi ife eni ake. Pakati pa Achewa, anthu a Kalonga Gawa Undi, mwana ndi wa mbumba, ndipo atsibweni ali ndi mphamvu ya kulowa m'nyumba ya mlongo wao ndi kutenga mphwao akaona kuti zinthu zapotoka. Pakati pa Angoni a Nkosi ya Makosi Mpezeni, abale a kuchimuna ali ndi udindo womwewo. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mau amenewa timawatchula mokoma pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni. Koma tikabwerera kumakomboni, pamene kulira kwa mwana kwapyola khoma pakati pa usiku, timatembenukira kumbali ndi kunena kuti za m'nyumba ya mwini saziloŵerera. Atsibweni amene amathamangira kukalandira chimalo mtsikana akakula, koma osaonekera pamene mtsikana yemweyo anali kugona ndi njala, ayenera kuchita manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Alipo ena amene adzati, nanga tidzalanda bwanji mwana kwa womubala? Funsoli ndi loyenera, ndipo sindifuna kuti makolowa tiwayese zirombo. Ambiri a iwo amawakonda ana ao, nalira misozi yeniyeni mmawa mutu ukayera, nalumbira kuti sadzabwerezanso. Koma chibaba chikafika lumbirolo limasungunuka, pakuti iyi ndi nthenda yofuna sing'anga, ndipo kukalipira kokha sikuichiritsa. Chipatala chimene dziko lonse limachidziwa pa matenda otere, cha Chainama, chili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera kuno, ndipo n'chifukwa chake chigawo cha Kummawa chiyenera kukhala ndi malo ake okwanira ochiritsirako anthu ameneŵa. Koma pamene kholo likuchira, kapena likukana kuchira, mwana sangaimitse kukula kwake kuti alidikire. M'mera mpoyamba.

Njira yatsegulidwa kale. Lamulo la ana la Children's Code, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema analisaina mu 2022, limazindikira mwana wosowa chisamaliro ndi chitetezo, ndipo limapatsa ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu mphamvu ya kumthandiza. M'chaka chomwecho sukulu za boma zinakhala zaulere, kotero kuti wachibale wotenga mwanayo sanganenenso kuti akuopa fizi.

Tsono ndipempha a DEC ndi apolisi kuti pomanga kholo azifunsa za ana otsala pakhomo ndi kuwapereka m'manja mwa a chisamaliro cha anthu tsiku lomwelo. Ndipempha anyakwawa, abusa ndi aphunzitsi kuti ana otere awalembe m'buku limodzi ndi amasiye. Ndipo inu, awerengi, ngati m'nyumba yoyandikana ndi yanu muli mwana wotere, muyambe mwamuitana kudzadya nsima ndi ana anu lero lino, kenaka mukadziwitse abale ake. Iwo akakana, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena imbani nambala ya ana ya 116, imene siilipiritsa kanthu.